Zithunzi zoyera zimene zinapulumuka pa nkhondo ndi mazunzo: tiziti chiyani za izo?

Woyang'anira gulu: Moni nonse. Mwezi wa kolona uno tinapangana kuti sabata iliyonse tizikhala ndi nkhani imodzi yoti tikambirane. Ambiri mwafunsa za chithunzi ndatumiza m'mawa chija, ena mwati chikuopsa. Umenewo ndi mutu wa chiboliboli cha Amayi Maria cha ku Nagasaki, dziko la Japan. Pa 9 Ogasiti 1945 bomba la atomiki linaphulika pa mtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa tchalitchi chachikulu cha Urakami. Tchalitchi chinagwa. Chiboliboli chinali chamtengo, chinapsa, koma mutu wake unadzapezeka m'phulusa ndi njerwa zogumuka. M'maso munangotsala mabowo akuda, tsaya limodzi n'lowauka. Lero mutuwo amausunga m'tchalitchi chatsopano cha Urakami ndipo anthu amapemphera pamaso pake. Lankhulani momasuka, koma tilemekezane.

Mayi wa Legio, Matawale: Ine nditachiona misozi inalengeza. Moto umene unasungunula zitsulo n'kusiya nkhope ya Amayi athu? Chimenechi ndi chozizwitsa, palibenso dzina lina. Mulungu anafuna kuti anthu aone kuti Mayi ake sanawataye.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Amayi, chikhulupiriro chanu ndikuchilemekeza, koma tisafulumire. Ku Urakami kunali Akatolika pafupifupi 12,000, ndipo amene anafa ndi bombalo anali pafupifupi 8,500. M'tchalitchimo munali ansembe awiri ndi akhristu amene anabwera kudzalapa pokonzekera chaka cha Maria wotengedwa kunka Kumwamba, pa 15 Ogasiti. Onsewo anafera momwemo. Tikangothamangira kunena kuti Mulungu anateteza mtengo, mayi amene ana ake onse anapsa tsiku limenelo timuuza chiyani? Ine ndikamayang'ana nkhope ija sindiona chinthu chopulumuka. Ndimaona mayi amene anapsa pamodzi ndi ana ake.

Mayi wa Legio, Matawale: Abambo, zimene mwanenazi ndi zimene ndikutanthauza. Sanathawe moto. Anatsala nawo.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Ngati n'choncho ndiye kuti tili njira imodzi, amayi.

Mnyamata wa kwaya, Chikanda: Pepani aphunzitsi, ine ndimaganiza kuti ku Japan kulibe Akatolika. Anachuluka bwanji chonchi ku Nagasaki?

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Mwana wanga, apo ndiye pali nkhani yeniyeni. Chikhristu chinafika ku Japan ndi Francis Xavier woyera mu 1549. Mu 1597 akhristu 26 anapachikidwa pa mitanda ku Nagasaki komweko. Mu 1614 olamulira analetseratu Chikhristu, ansembe n'kupirikitsidwa kapena kuphedwa. Tsono pofuna kugwira amene ankapemphera mobisa, anatulukira njira yankhanza yotchedwa fumi-e. Ankaika pansi chithunzi cha Yesu kapena cha Maria, poyamba chojambula, kenaka chosula ndi chitsulo, n'kuuza munthu aliyense kuti apondepo. Ku Nagasaki zinkachitika chaka ndi chaka. Wokana kuponda ndiye mkhristu. Ambiri anaponda mtima ukuwawa, n'kupita kunyumba kukapempha chikhululuko kwa Mulungu.

Anthu amenewa anakhala zaka zoposa 200 opanda wansembe, opanda Misa. Ankabatizana okha, kusunga kalendala ya masiku a Mpingo, kuphunzitsa ana mapemphero pakamwa. M'nyumba zawo ankasunga tiziboliboli ta Kannon wa Chibuda, tooneka ngati mayi wonyamula khanda, koma iwo mumtima akudziwa kuti akupemphera ndi Maria. Akuluakulu a boma akalowa ankaona za Chibuda basi.

Pa 17 Malichi 1865, dziko litayambanso kulandira alendo, kagulu ka anthu a ku Urakami kanalowa m'tchalitchi chatsopano cha Oura, chimene chinamangidwira azungu. Anakumana ndi wansembe wa ku France, bambo Petitjean, ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba kufunsa chinali chakuti chiboliboli cha Santa Maria chili kuti. Atachiona, ndi khanda Yesu m'manja, anadziwa kuti apeza kwawo. Lamulo loletsa Chikhristu linachotsedwa mu 1873, atazunzidwanso kaye koopsa. Zidzukulu za anthu amenewa ndi zimene zinamanga tchalitchi cha Urakami, chija chinagwa mu 1945.

Mlongo wanu wa CCAP, Sadzi: Ndikudziwa kuti ndine mlendo muno, ndinalowa chifukwa amuna anga ndi Akatolika ndipo ana amayimba kwaya kwanuko. Ndikufunsa ndi mtima wabwino. Eksodo 20 akuti usadzipangire fano losema, usaligwadire. Ine ndikapita ku Zomba Cathedral ndimaona anthu atagwada pa groto, ena akugwira mapazi a chiboliboli. Anthu a ku Japan aja akanaphunzitsidwa kuti chitsulo n'chitsulo basi, bwenzi akungoponda n'kumapita, mtima uli m'malo. Kodi si zithunzizo zimene zinawaika m'mavuto?

Katekisiti wakale, Thondwe: Achemwali, simuli mlendo, ndipo funso lanu si lachilendo. Linagwedeza Mpingo zaka zambirimbiri kum'mawa, mafumu a ku Constantinople akuswa zithunzi ndi kuzunza amonke ozisunga. Msonkhano wachiwiri wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 787 ndi umene unagamula: kupembedza n'kwa Mulungu yekha, koma ulemu umene tipereka kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Chifukwa chachikulu, monga anaphunzitsira Yohane woyera wa ku Damasiko, n'chakuti Mulungu wosaoneka anadzakhala munthu, anali ndi nkhope, anthu anamuona ndi kumukhudza. Chimene chinaoneka chikhoza kujambulidwa.

Ndipo buku la Eksodo lomwelo, mutu 25, Mulungu akulamula Mose kusula akerubi awiri agolide pa Bokosi la Chipangano. Pa Numeri 21 akumulamula kusula njoka yamkuwa. Koma ndikupatseni chida chanu ndekha: pa 2 Mafumu 18, mfumu Hezekiya anaphwanya njoka yomweyo chifukwa anthu anayamba kuifukizira lubani. Ndiye ngozi imene mukuiona ilipodi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndaona akhristu ovala kolona m'khosi ngati chithumwa, osadziwa n'komwe kunena Tikuoneni Maria. Amenewo timawadzudzula.

Za ku Japan zija, wolamula kuponda sankafuna kudziwa za chitsulo. Ankafuna munthu akane Yesu poyera, phazi likhale pakamwa. Wozunzayo ankadziwa bwino lomwe kuti chithunzi chikuimira yani.

Mlongo wanu wa CCAP, Sadzi: Za phazi kukhala pakamwazo zandilowa. Komabe kugwada pamaso pa chosema mtima wanga sukulola. Ndizipemphera m'mene ndinaleredwera.

Katekisiti wakale, Thondwe: Palibe wokukakamizani, achemwali. Ngakhale Mkatolika sakakamizidwa kugwada pa groto.

Wophunzira mbiri, Chanco: Ndiloleni ndiponyepo ya ku Poland, chifukwa ikukhudza funso la amayi a ku Sadzi mwa njira ina. Ku Częstochowa, pa nyumba ya amonke ya Jasna Góra, kuli chithunzi chakale cha Maria wa nkhope yakuda. Mu 1430 achifwamba anathyola nyumbayo n'kutema chithunzicho, ndipo mpaka lero pa tsaya pali zipsera ziwiri zazitali. Mu 1655 asilikali a ku Sweden anazinga malowo koma analephera kuwalanda, ndipo kuchokera pamenepo anthu a ku Poland amachitenga ngati mtima wa dziko lawo.

Koma imene imandigwira ine ndi ya nthawi ya chikomyunizimu. Kadinala Stefan Wyszyński, amene boma linamutsekera kuyambira 1953 mpaka 1956, anakonza zoti chithunzi china chojambulidwa mofanana ndi chija chiziyendera maparishi onse a m'dzikomo. Ulendo unayamba mu 1957. Mu 1966, pamene Mpingo unkakondwerera zaka 1,000 za Chikhristu ku Poland, boma linalanda chithunzicho n'kukachitsekera ku Jasna Góra, apolisi akulondera kuti chisatuluke. Mukudziwa chimene akhristu anachita? Anapitiriza ulendo ndi felemu yopanda kanthu. Ankainyamula parishi ndi parishi, pamodzi ndi kandulo ndi buku la Uthenga Wabwino, anthu miyandamiyanda n'kumailandira akuimba, atagwada. Zinatero mpaka 1972 pamene wansembe wina ndi masisitere anakachitulutsa chithunzicho mobisa.

Anthu aja akanakhala kuti ankapembedza utoto ndi thabwa, tsiku limene apolisi anachitenga zonse zikanathera pomwepo. Anagwadira felemu yopanda kanthu zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa amene ankamulandira sanali m'manja mwa apolisi.

Mnyamata wa kwaya, Chikanda: Boma lonse kumanga chithunzi? Ndiye kuti linkachiopa.

Wophunzira mbiri, Chanco: Linkaopa khamu limene linkasonkhana pamene chithunzicho chafika. Ku Lithuania n'chimodzimodzi: phiri la mitanda pafupi ndi Šiauliai boma la Soviet linaligumula ndi mathirakitala mu 1961, n'kubwerezanso m'zaka za m'ma 1970, koma usiku anthu ankabwera kudzazikanso mitanda. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakafikako mu 1993.

Mayi wa Legio, Matawale: Musaiwale chithunzi cha Maria cha Guadalupe ku Mexico. Mu Novembala 1921 munthu anabisa bomba m'maluwa n'kuika patsinde pa chithunzicho. Mtanda wachitsulo umene unali pa guwa unapindika, chithunzi osakhudzidwa. Aphunzitsi, apanso mukana?

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Sindikana amayi, mtanda wopindikawo ulipo mpaka lero, anthu amakauona. Ndingowonjezera kuti mazunzo atakula, kuyambira 1926 mpaka 1929, akhristu sanangokhala n'kumati chidziteteza chokha. Anachichotsa m'tchalitchi n'kukachibisa m'nyumba ya banja lina. Mulungu amagwira ntchito ndi manja a anthu olimba mtima.

Bambo wa ku Jali: Ndakhala ndikuwerenga chete. Mukutchula maiko akutali, koma ine nkhani imeneyi ili pa shelefu m'nyumba mwanga.

Mayi anga malemu anachokera ku Mozambique, mbali ya Milange. Dziko lija litalandira ufulu mu 1975, boma linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, amishonale ambiri anachoka, matchalitchi ena anatsekedwa. Kenaka nkhondo. Kumudzi kwawo wansembe sankafikako, ankatsogolera mapemphero ndi mkulu wina wa mumpingo, pansi pa mtengo wa mango. M'kachalichi kawo kaudzu munali kachiboliboli ka Maria, kakafupi ngati kuchokera pa chigongono kufika pa zala. Atamva kuti midzi yoyandikana nayo yatenthedwa, azimayi anakakulunga m'chitenje, kukaika mumphika wadothi, kuvundikira ndi phale, n'kukwirira pansi pa nkhokwe. Kachalichi kanatenthedwadi.

Tsiku lothawa, mayi anafukula mphika uja usiku. Anali ndi mwana kumbuyo, amene ndi mlongo wanga wamkulu, pamutu dengu la ufa. Kachiboliboli anakakwirira mu ufamo. Panjira anagwa powoloka khwawa, dzanja lamanja la kachiboliboli n'kuthyoka, ndipo silinapezekenso. Analowera ku Phalombe, pambuyo pake n'kudzakhazikika kuno. Mtendere utabwera mu 1992 anzawo ambiri anabwerera, iwo anatsala poti anali atakwatiwa ndi bambo anga.

Madzulo alionse ankatigwaditsa pamaso pa kachiboliboli kopanda dzanjako, kolona akuyamba m'Chilomwe, ife tikuyankha m'Chichewa. Akafika pa mapemphero a akufa ankatchula mayina a anthu a kumudzi kwawo mmodzimmodzi, anthu amene ife sitinawaonepo. Utoto wabuluu unasupuka, m'makwinya a chovala mukadali zoyera zimene mayi ankati ndi ufa wa tsiku lija.

Tsono vuto langa ndi ili. Ana anga akuti tikapereke kwa mmisiri akaumbe dzanja lina n'kupakanso utoto, akuti Amayi Maria sayenera kuoneka ngati osiyidwa. Mtima wanga ukukana. Ndithandizeni maganizo.

Mayi wa Legio, Matawale: Achimwene, pepani, Mulungu awalandire mayi anu. Ine ndikuona ngati anawo akunena zoona. Chinthu choyera chimafuna chisamaliro. Nsalu ya pa guwa ikang'ambika timasoka.

Wophunzira mbiri, Chanco: Ine ndikuti musakhudze, bambo. Chithunzi cha Częstochowa chitakonzedwa, zipsera zija sanazifafanize. Chitsanzo chaposachedwa chili ku Iraq. Zigawenga za ISIS zitalanda midzi ya akhristu ku chigwa cha Nineve mu 2014, ku Karemlesh zinadula mutu ndi manja a chiboliboli cha Maria. Papa Francisko atapita ku Iraq mu Malichi 2021, chibolibolicho chinaikidwa pa Misa ya ku Erbil, mutu atabwezeretsa koma kuvulala kwa manja kukuonekabe. Eni ake anafuna kuti dziko lione chimene chinachitika.

Katekisiti wakale, Thondwe: Mpingo sukuletsani kukonza, sukukakamizaninso. Ndingokukumbutsani kuti Ambuye atauka kwa akufa anaonetsa Tomasi mabala a misomali. Thupi laulemerero, koma mabala alipo. Chimene ndingalangize n'chakuti mukapangire kabokosi kagalasi kuti chinyontho ndi mphemvu zisakaononge, ndipo mulembe papepala mbiri yonse monga mwatiuziramu, muike momwemo. Ana anu akufuna kupaka utoto chifukwa akuona chinthu chakutha. Akadziwa za khwawa lija sadzafunanso.

Bambo wa ku Jali: Za khwawa ndinawauzapo, koma mwachidule. Mayina aja sindinawaphunzitse.

Namwino, Zomba tauni: Ndili ndi mawu olemetsa, mundikhululukire. Nkhani zonse mwanenazi wozunza ndi wakunja: boma lachikunja, achikomyunizimu, zigawenga. Nanga ku Rwanda? Mu 1994 anthu zikwizikwi anathawira m'matchalitchi poganiza kuti palibe angaphe munthu pamaso pa guwa. Ku Nyamata, ku Ntarama, anaphedwera momwemo. Tchalitchi cha Nyamata lero ndi malo achikumbutso, zovala za ophedwa zili pa mabenchi, ndipo chiboliboli cha Maria chikadali pakhoma, chikuyang'ana pansi. Ambiri mwa akuphawo anali obatizidwa, okulira pamaso pa chiboliboli chomwecho. Ngakhale ku Kibeho, kumene Mpingo unavomereza mu 2001 kuti Maria anaonekera atsikana kuyambira 1981, anthu anaphedwa m'tchalitchi cha parishi. Chiboliboli chinapulumuka, inde. Koma chinasintha mtima wa yani?

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali: Achemwali, funso limeneli lisayankhidwe mothamanga. Ine ndilibe mawu okometsera.

Katekisiti wakale, Thondwe: Nanenso. Ife ophunzitsa chikhristu ndi amene tiyenera kunjenjemera nalo. Munthu akhoza kupsompsona mtanda Lachisanu Loyera n'kukatema mnzake amene ndi chifaniziro chenicheni cha Mulungu, monga akunenera Genesesi 1. Ngati takhala tikuphunzitsa ana kulemekeza chosema koma osawaphunzitsa kuti Mlomwe, Myao, Mngoni ndi Mtumbuka onse ndi nkhope ya Mulungu, ntchito yathu ndi yopereweza. Papa Francisko mu 2017 anapempha chikhululuko chifukwa cha machimo a Mpingo ndi a ana ake pa zimene zinachitika ku Rwanda. Chiboliboli cha ku Nyamata chija kwa ine ndi mboni yotineneza.

Mayi wa Legio, Matawale: Komabe analipo ansembe, masisitere ndi akhristu wamba amene anabisa anzawo mpaka kufa nawo. Amenewo kolona inawasintha.

Namwino, Zomba tauni: Analipodi amayi, sindikuwaiwala. Ndimangofuna kuti tikamanyadira zithunzi zopulumuka tizikumbukiranso anthu amene sanapulumuke pansi pa zithunzizo.

Agogo a ku Mpondabwino: Zidzukulu zanga, ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga poti maso anafooka. Kuno kwathu Mulungu anatipewetsa nkhondo, koma mantha tinawadziwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, yonena za umphawi, za anthu omangidwa popanda mlandu, za kusowa ufulu wolankhula. Ife tinaimvera ku Cathedral konkuno, nthawi ya Ambuye Allan Chamgwera. M'tchalitchi munali zii, kenaka anthu anayamba kuwomba m'manja. Patangopita masiku ochepa boma linati kalatayo ndi youkira, wopezeka nayo amangidwa. Ku Balaka nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort inatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Ana a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopi.

Amuna anga malemu anali ndi kope lawo. Ena ankatentha awo, ena kuponya m'chimbudzi. Iwo anatsitsa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu chimene chinali pabalaza, kuchotsa timisomali ta kumbuyo, kulowetsa kalata pakati pa chithunzi ndi katoni, n'kupachikanso. Alendo ankabwera, kukhala pansi pa chithunzicho, kumwa tiyi, osadziwa kanthu. Usiku tikamapemphera pamaso pake tinkadziwa tonse awiri chimene chili kumbuyo, ndipo tinkapempherera maepiskopi kuti asaphedwe.

Chinanso ndinene, poti ndakalamba. Amene anazunzidwa koopsa chifukwa cha chipembedzo m'dziko muno ndi a Mboni za Yehova, anthu amene sasunga chithunzi ngakhale mtanda. Analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Anamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ambiri a ife tinaona, tinatseka pakamwa. Mukamakamba za akhristu olimba mtima a kutali, awanso muziwatchula.

Mlongo wanu wa CCAP, Sadzi: Zikomo agogo. Azakhali anga anali a Mboni, anathawa nawo. Sindinayembekezere kumva zimenezi m'gulu la Akatolika.

Mnyamata wa kwaya, Chikanda: Agogo, kalatayo ikadalipo kumbuyo kwa chithunzi?

Agogo a ku Mpondabwino: Tinaitulutsa itatha referendamu ya 1993. Ili m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana.

Wophunzira mbiri, Chanco: Zinthu ngati zimenezi zikutha ndi eni ake. Malawi analandira othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Mwa anthu onsewo, ndi angati ananyamula mtanda, mendulo, buku la nyimbo? Ku Guiúa, m'chigawo cha Inhambane, anthu oposa 20, makatekisiti ndi a m'mabanja awo, anaphedwa mu Malichi 1992, ndipo nkhani yawo ikudziwika chifukwa ena anailemba. Za m'midzi ya m'malire muno zili m'mitu ya agogo basi. Ndikupempha achinyamata a m'miphakati yathu, tiyeni tiyendere okalamba ndi foni, tijambule mawu awo ndi zinthu zimene anasunga, atatilola eni ake. Tikatero tikapereke ku maparishi athu.

Mnyamata wa kwaya, Chikanda: Ine ndilipo. Anzanga a kwaya ndiwauza Loweruka pa pulakatisi.

Woyang'anira gulu: Ganizo labwino, koma mudzere kwa bambo mfumu ndi atsogoleri a mphakati kaye, musangotulukira m'makomo mwa anthu. Ena nkhani za nkhondo safuna kuzikumbutsidwa, wokana musamuumirize.

Bambo wa ku Jali: Yambirani kwathu. Mng'ono wawo wa mayi akadali moyo, ali ku Phalombe, ndipo anali nawo usiku wofukula mphika uja. Mayina a anthu a kumudzi aja amawadziwa onse. Koma Chichewa chawo n'chovutirapo akayamba kukamba zakale, ndiye mupeze wina womva bwino Chilomwe. Tipite mvula isanayambe, msewu wa kwawoko ukagwa madzi njinga yamoto siidutsa.